Mankhwala a Munthu Mmodzi Sachiza Anthu Awiri

Chaka chilichonse msika wa fodya ukatsegulidwa cha m'mwezi wa Marichi, tauni ya Karoi imasintha nkhope. Malole ndi mathirakitala amatuluka m'mapulazi a ku Tengwe ndi m'midzi ya m'boma la Hurungwe atasenza mabelo, ndipo ndalama imene mlimi wakhala akuidikira kuchokera tsiku limene anafesa nazale imayamba kulira m'thumba. Masitolo amadzaza, malo omwera mowa amachezera, ndipo m'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Harare kupita ku Chirundu, momwe madalaivala a magalimoto onyamula katundu amaima kuti apumule, anthu sasowa usiku wonse. Palibe amene angadzudzule mlimi chifukwa chosangalala ndi thukuta lake. Komabe tonse amene timagwira ntchito m'madera tikudziwa kuti pamene ndalama yachuluka ndipo anthu akuyendayenda, matenda opatsirana pogonana nawonso amapeza njira, ndipo amene amawatola msanga ndi achinyamata.

Ulendo uno tiima pa mfundo imodzi yokha. Ambiri mwa matendawa amachizika, ena ndi jakisoni mmodzi, ena ndi mapiritsi a sabata imodzi. Chimene chimawasunga m'makomboni mwathu n'chakuti odwala amakhala awiri koma wopita kuchipatala amakhala mmodzi. Mlangizi kapena mlimi amene wamvetsa zimenezi wapeza poyambira.

Achinyamata amene tikuwanena

Ambiri mwa anyamata ndi atsikana a m'makomboni a mapulazi ozungulira Karoi ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Agogo awo ena anayenda wapansi kwa milungu, ena anabweretsedwa ndi Mthandizi, makamaka pamene ulimi wa fodya unakula nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, komanso m'zaka za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963. Anabwera ndi chilankhulo chawo, chinamwali, Gule Wamkulu, mipingo ndi mizikiti, ndipo zonsezi zilipobe.

M'zaka za m'ma 1980 panayambika ndondomeko yophunzitsa ogwira ntchito zaumoyo a m'mapulazi. Kawirikawiri amakhala amayi osankhidwa m'komboni momwemo, odziwa khomo lililonse, olankhula chilankhulo cha anthu ake. Kuyambira chaka cha 2000, pamene boma linayamba kugawa mapulazi mwachangu, mabanja ambiri anataya ntchito yokhazikika n'kuyamba kudalira ganyu, ndipo m'malo ambiri ntchito ya amayi aja inazilala. Lamulo la unzika la 2001 linawonjezera mtolo pakuti linasiya ambiri obadwira mu Zimbabwe momwemo akutchedwa alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene makolo awo anachokera ku mayiko a SADC, ndiponso anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ngakhale zili choncho, alipobe achinyamata opanda chikalata cha kubadwa, amene sukulu amaisiyira panjira.

Mbiri imeneyi ikukhudza nkhani yathu mwachindunji. Mwana amene wasiya sukulu ali ndi zaka 12 samva phunziro la zaumoyo limene anzake amamva m'kalasi. Mtsikana amene amasankha fodya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa sapeza mpata wopita kumsonkhano wa achinyamata ku Magunje kapena ku Karoi. Uthenga wa pa wailesi ndi wa pa zikwangwani umabwera m'Chingerezi ndi m'Chishona, zilankhulo zimene achinyamatawa amazimva bwino, koma nkhani za kuchipinda kwawo zimakambidwa m'Chichewa, ndi agogo, atsibweni ndi anankungwi. Ngati uthenga sunafike kwa akuluakulu amenewa, ndiye kuti wayenda theka la ulendo.

Tinaphunzitsa za Edzi, enawa tinawaiwala

Pa nkhondo yolimbana ndi Edzi, dziko la Zimbabwe lachita zazikulu. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi alionse anali ndi kachirombo ka HIV. Mu 1999 kunakhazikitsidwa bungwe la National AIDS Council, ndipo kuyambira 2000 boma linayamba kutolera ndalama yapadera ya 3 peresenti pa msonkho kuti ithandize ntchitoyi. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 13 mwa 100 alionse ndi amene anali ndi kachiromboka: amayi 15 mwa 100, abambo 10 mwa 100. Lero mwana wa pulayimale amatha kufotokoza njira zimene HIV imafalira, ndipo anthu ambiri akumwa mankhwala otalikitsa moyo n'kumalima minda yawo monga kale.

Koma funsani gulu la achinyamata kuti chindoko chimayamba bwanji, kapena ngati mtsikana angakhale ndi chinzonono osadziwa, mudzaona akuyang'anana. Ena amaganiza kuti akayezetsa magazi n'kupezeka opanda HIV ndiye kuti alibe matenda alionse. Ena amaganiza kuti jakisoni wakulera kapena mapiritsi akulera amatchinganso matenda. Zonsezi si zoona. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu a zaka 15 mpaka 49 anatenga matenda anayi ochizika, chindoko, chinzonono, chlamydia ndi mauka, maulendo 374 miliyoni. Kumeneko n'kunena kuti oposa 1 miliyoni tsiku lililonse.

Matendawa sali kutali ndi Edzi. Chilonda cha kumaliseche, kapena kutupa kwa m'kati kumene chinzonono chimabweretsa, kumatsegulira khomo kachirombo ka HIV, ndipo munthu amene ali nako kale koma sakumwa mankhwala amapatsira mnzake mosavuta akakhala ndi matenda enawa. Tikumbukirenso kuti mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mbali yaikulu ya thandizo lake lakunja, ndipo mabungwe ambiri amene amayendera madera a kumidzi anachepetsa ntchito zawo. Zikatero, katundu wolemera amatsalira mlangizi wa m'mudzi ndi namwino wa pakiliniki.

Matenda amene amadziwa kubisala

Chinzonono chimadziulula msanga kwa mwamuna. Pakangopita masiku ochepa, nthawi zambiri osakwana sabata, amatuluka mafinya ndipo amamva kutentha pokodza. Kwa mkazi nkhani ndi ina: ambiri samva chilichonse, kapena amangoona chikazi chasintha pang'ono, n'kumayesa kuti ndi mmene thupi lilili. Chlamydia, amene alibe ndi dzina lomwe m'Chichewa, amabisala koposa apa, pakuti ambiri amene ali naye, amuna ndi akazi omwe, saona chizindikiro. Matenda awiriwa akasiyidwa amakwera n'kukafika m'chiberekero ndi m'machubu odutsa mazira. Mtsikana amayamba kumva kupweteka pachinena, machubu amatha kutsekeka, ndipo patapita zaka, atakwatiwa, mimba imakana kubwera kapena imakhala m'chubu, zimene zingathe kumupha ngati sathamangitsidwa kuchipatala. Pamenepo abale amayamba kuloza zala azakhali kapena mkazi mnzake kuti ndi mfiti, chonsecho chinayambitsa zonsezi ndi matenda amene akanatha ndi mankhwala a sabata imodzi. Mayi wodwala chinzonono amathanso kupatsira mwana m'maso pobereka, ndipo n'chifukwa chake kuchipatala amapaka mankhwala m'maso mwa khanda likangobadwa.

Chindoko chili ndi chinyengo chakechake. Chimayamba ndi kachilonda kamodzi kosapweteka, kamene kamaoneka patatha pafupifupi milungu 3, n'kupola kokha pakapita milungu 3 mpaka 6. Munthu amayesa kuti wachira, kapena kuti mankhwala a zitsamba amene anamwa agwira ntchito. Pambuyo pake pamatuluka zidzolo zosayabwa, kawirikawiri m'zikhatho ndi kumapazi, nazonso n'kuzimiririka. Matendawa amakhala chete m'magazi kwa zaka, kenaka n'kuwononga mtima, ubongo ndi mitsempha. Kwa mayi woyembekezera, chindoko chimachititsa kupita padera, kubereka mwana wakufa, kapena kubereka mwana wodwala amene sakhalitsa. Kuyezetsa kwake n'kwa kadontho ka magazi a pachala, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa penicillin. Mtsikana amene wayamba sikelo mimba ikadali yaing'ono amapulumutsa mwana wake ndi zinthu ziwiri zokhazi.

Mauka amabweretsa kuyabwa ndi chikazi chonunkha, koma mwamuna amene ali nawo nthawi zambiri samva kanthu. Mabomu, kutupa kwa m'mphechepeche kumene akuluakulu amakudziwa bwino, amachizika ndi mapiritsi ngati munthu wafulumira. Palinso ena awiri amene sachizika koma amagonjetseka. Herpes amatulutsa timatuza topweteka timene timaphulika, kupola, n'kudzabweranso. Mankhwala amachepetsa ululu ndi masiku odwala. Kachirombo ka HPV kamayambitsa njerewere za kumaliseche, ndipo mitundu ina ya kachiromboka ndi imene imayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, khansa imene imagwira amayi ambiri kuposa ina iliyonse mu Zimbabwe. Dzikoli linayamba kupereka katemera wa HPV m'maboma onse mu 2018, kuyambira ndi atsikana a zaka 10 mpaka 14. Popeza katemerayu amaperekedwa makamaka kudzera m'masukulu, mtsikana wa m'komboni amene sali pasukulu amaphonyedwa mosavuta, pokhapokha wina atamutengera kukiliniki.

Kakalata kamene kamathera m'thumba

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani. M'makiliniki ambiri a kumidzi mulibe zipangizo zoyezera chinzonono kapena chlamydia. Namwino amafunsa, amaona zizindikiro, kenaka amapereka mankhwala ophera pamodzi matenda onse amene angabweretse zizindikiro zimenezo. N'chifukwa chake mnyamata wotuluka mafinya amalandira jakisoni ndi mapiritsi omwe pa ulendo umodzi. Njirayi ndi yabwino pakuti wodwala amathandizidwa tsiku lomwelo, osadikira zotsatira zochokera ku Karoi kapena ku Chinhoyi. Koma ili ndi malire ake: imangopeza munthu amene ali ndi zizindikiro. Mtsikana amene matenda akumudya mwakachetechete alibe chomufikitsa pamaso pa namwino. Njira yake yodziwira imadutsa mwa mnyamata amene wamva kutentha pokodza.

Pa chifukwa chimenechi, wodwala akalandira mankhwala amapatsidwanso kakalata kakang'ono kokapereka kwa mnzake wogonana naye, kuti nayenso apite akalandire thandizo, kaya akumva kupweteka kaya ayi. Tsoka lake n'lakuti kakalata kameneka nthawi zambiri kamathera m'thumba la buluku, kapena kamapichiridwa fodya. Mnyamata amamwa mankhwala, mafinya amauma, ndipo pakatha sabata amabwerera kwa bwenzi lake lija, limene matenda akadali nawo. Posakhalitsa mafinya ayambiranso. Iye amati mankhwala a kuchipatala ndi opanda mphamvu, n'kupita kwa sing'anga kapena kwa wogulitsa makapisozi. Mtsikana uja, amene sanauzidwe kanthu, amapitiriza kudwala osadziwa, ndipo machubu ake akuwonongeka mwezi ndi mwezi.

Alimi mukudziwa kuti kupopera mankhwala theka la nazale n'kusiya theka lina ndi kutaya ndalama, pakuti tizirombo timangosamuka n'kubwereranso. Ndi chimodzimodzi pano. Lamulo lake ndi lalifupi ndipo mlangizi aliyense ayenera kuliloweza: onse awiri alandire mankhwala, onse awiri amalize mankhwalawo, ndipo asagonane kufikira patatha masiku 7 onse atamaliza. Ngati wodwala ali ndi zibwenzi ziwiri kapena zitatu, makalata akhalenso awiri kapena atatu. Wodwalayo ayezetsenso HIV ndi chindoko pa ulendo womwewo, pakuti njira imene inadzera matenda amodzi ndi yomweyo imene ena amadzera.

Makapisozi a pamsika ndi mizu ya kwa sing'anga

Mnyamata wamanyazi amakonda kugula makapisozi awiri kapena atatu pamsika, kapena kupempha otsala kwa mnzake. Zizindikiro zimatha kuchepa, koma tizirombo tolimba timatsala, n'kuswana, ndipo mankhwala omwewo sagwiranso ntchito. Umu ndi mmene chinzonono chakhala chikugonjetsera mankhwala m'mayiko ambiri. Kale chinkamva penicillin, kenaka tetracycline, kenaka ciprofloxacin. Lero madokotala akudalira kwambiri jakisoni wa ceftriaxone, ndipo mankhwala ena olowa m'malo mwake ndi ochepa. Kapisozi aliyense womwedwa mwachisawawa akutisendeza ku tsiku limene jakisoni ameneyunso adzalephera.

Za asing'anga tilankhule mwaulemu, pakuti ambiri mwa achinyamata athu amayambira kumeneko, ndipo amatero chifukwa sing'anga sakalipa, saulula, ndiponso amalola kulipidwa fodya akagulitsidwa. Koma palibe muzu umene umapha chindoko m'magazi. Chilonda chikapola munthu atamwa zitsamba, n'chifukwa chakuti chilonda cha chindoko chimapola chokha. Mlangizi wanzeru amapita kukacheza ndi sing'anga wa m'dera lake, kumufotokozera zizindikiro zitatu, chilonda, mafinya ndi kupweteka pachinena, n'kumupempha kuti wodwala wotere azimutumiza kukiliniki, pamodzi ndi mnzake. Kunyoza sing'anga pamsonkhano kumangochititsa kuti odwala azipita kwa iye usiku.

Si kuyabwa kulikonse kumene kumachokera kwa mwamuna

Pali chinthu china chimene alangizi ndi makolo ayenera kudziwa asanaweruze mtsikana. Madamu a m'mapulazi, momwe atsikana amachapa, kusamba ndi kutunga madzi othirira nazale, ambiri ali ndi nkhono zofalitsa likodzo. Tonse timadziwa likodzo ndi kukodza magazi, koma kwa akazi mazira a tizirombo take amathanso kukhazikika m'njira ya chiberekero n'kubweretsa kuyabwa, chikazi chachilendo, timagazi ndi kupweteka pachinena. Zizindikiro zimenezi zimafanana kwambiri ndi za matenda opatsirana pogonana, ndipo zimatha kuoneka mwa mtsikana amene sanadziwepo mwamuna. Mankhwala ake ndi mapiritsi a praziquantel, omwe aja amaperekedwa m'masukulu. Palinso kuyabwa kumene kumabwera chifukwa cha mimba, matenda a shuga, kapena sopo ndi zitsamba zimene ena amaika kumaliseche.

Choncho mwana wanu wamkazi akadandaula, musayambe ndi funso lakuti wagona ndi ndani. Yambani ndi kumuperekeza kukiliniki, ndipo mukauze namwino ngati mwanayo amasamba kapena kuchapa kudamu. Mtsikana amene wamenyedwa chifukwa choulula kuyabwa sadzaululanso kanthu, ngakhale tsiku limene adzadwaledi.

Mbewa ya manyazi

Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. M'komboni nyumba n'zoyandikana, ndipo amene wapita kukiliniki m'mawa, pofika madzulo aliyense wadziwa. Mnyamata amaopa kusekedwa, mtsikana amaopa kutchedwa woyendayenda, ndipo mkazi wapabanja amaopa kuti akapereka kakalata kwa mwamuna wake alandira mbama, ngakhale matendawo atabwera ndi mwamunayo kuchokera kumsika wa fodya. Mantha amenewa ali ndi maziko, ndipo sitingawachotse ndi kungonena kuti musachite manyazi.

Chimene mlangizi angachite ndi kuthandiza wodwala kupeza mawu. Funso lakuti anayambitsa ndani lilibe yankho, pakuti matendawa amatha kukhala m'thupi miyezi yambiri osaoneka, mwina kuchokera pa chibwenzi chakale. Wodwala angangonena kuti kuchipatala apeza matenda amene amachizika pokhapokha awiri atamwa mankhwala limodzi, ndipo apempha kuti mnzakeyo nayenso afike. Ngati pali chiopsezo cha nkhanza, mkazi asakakamizidwe kupereka kakalata yekha. Namwino kapena mlangizi apeze njira yoitanira mwamunayo, kapena awiriwo afotokozeredwe pamodzi.

Tisaiwalenso kuti si mtsikana aliyense amene anasankha. Alipo amene amalola chifukwa kunyumba kulibe ufa, alipo amene kapitawo amawauza kuti ganyu wa mawa adalira yankho la usiku uno. Malamulo a Zimbabwe pa nkhaniyi ndi omveka. Mu 2016 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linaletsa ukwati wa munthu wosafika zaka 18, lamulo la maukwati la 2022 linatsimikiza zimenezi, ndipo mu 2024 zaka zololera kugonana zinakwezedwa kuchoka pa 16 kufika pa 18. Mtsikana kapena mnyamata amene wagwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72, kuti alandire mankhwala oteteza HIV, matenda enawa, ndi mimba yosayembekezera. Nkhani yotere siyenera kuthera pa kulipitsana mbuzi. Apolisi ali ndi nthambi ya Victim Friendly Unit, ndipo bungwe la Childline limayankha pa nambala yaulere ya 116.

Gawo la aliyense

Kwa inu alangizi, ntchito yoyamba ndi kudziwa kiliniki yanu: masiku amene imatsegula, namwino amene amamvana ndi achinyamata, ndalama imene ingafunike, ndi mtunda wake. Wachinyamata amene mwamutumiza n'kukabwezedwa pakhomo sadzapitanso. Yachiwiri ndi kusunga chinsinsi ngati mmene mumasungira ndalama za gulu. Mlangizi amene waulula kamodzi watseka khomo lake kwa chaka chonse. Yachitatu ndi kutsatira. Pakapita sabata, funsani wodwalayo mwamseri mafunso awiri: kodi mankhwala mwamaliza, nanga mnzanu uja anapita? Pophunzitsa, patulani anyamata ndi atsikana, gwiritsani ntchito mayina amene iwo amawadziwa, chindoko, chinzonono, mabomu, ngakhale njovhera kapena siki monga amanenera anzawo a Chishona, ndipo onetsani kavalidwe ka kondomu ya abambo ndi ya amayi m'malo mongoitchula. Kwa amene sanayambe zogonana, alimbikitseni kuti kudikira ndi nzeru, ndipo palibe matenda amene amabwera chifukwa chodziletsa.

Kwa inu alimi, makamaka amene mumalemba aganyu, thandizo lanu silifuna ndalama zambiri. Wantchito akapempha tsiku lopita kuchipatala, mulekeni apite osamudula malipiro ndiponso osamufunsa kuti akudwala chiyani. Galimoto ikamapita ku Karoi ndi mabelo, musiyireni malo. Ikani bokosi la makondomu pamalo pobisika pafupi ndi shedi yosankhira fodya, pomwe munthu angatenge osaonedwa. Lipirani aganyu pa nthawi yake, pakuti mtsikana amene wadikira malipiro miyezi iwiri amapeza wina womugulira sopo. Kapitawo amene akugulitsa ntchito ndi thupi la ana a anthu, muchotseni. Ndipo inu eni mukagona ku tauni podikira ndalama za fodya, kumbukirani kuti chimene mwatenga kumeneko chimakafika kwa mayi wa kunyumba amene anabzala nanu fodyayo.

Kwa inu anankungwi, atsibweni ndi akuluakulu a kudambwe, mawu anu amalowa pamene athu salowa. Pakati pa malangizo amene mumapereka kwa namwali, onjezerani awa: kuti chilonda chosapweteka n'choopsa, kuti mimba ikangodziwika ayambe sikelo, ndi kuti zitsamba zoumitsa kumaliseche zimang'amba khungu ndi kondomu yomwe, n'kutsegulira njira matenda. Anyamata auzidwe kuti mwamuna weniweni sabisira mkazi kakalata ka kuchipatala. Mdulidwe wa abambo, umene abale athu a Chiyao akhala akuchita ku jando kuyambira kale ndipo zipatala za mu Zimbabwe zinayamba kuupereka monga njira yopewera HIV mu 2009, umachepetsa mwayi woti mwamuna atenge kachiromboka ndi pafupifupi 60 peresenti. Mnyamata wodulidwa adikire milungu 6 kuti bala lipole, ndipo adziwe kuti 40 yotsalayo ikufunabe kondomu.

Msika wa fodya umatsegulidwa n'kutsekedwa, koma zotsatira za matenda osachizidwa zimadzaoneka patapita zaka zisanu kapena khumi, pamene banja latsopano likudikira mwana amene sakubwera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwezi uno, mlangizi aliyense adzipatse ntchito imodzi yotheka kuiwerenga: pa wachinyamata aliyense amene mwamutumiza kukiliniki, onetsetsani kuti wachiwiri nayenso wafika. Mukamalemba malipoti anu, musangolemba chiwerengero cha odwala amene analandira mankhwala. Lembaninso chiwerengero cha makalata amene anabwerera m'manja mwa namwino. Nambala yachiwiriyi ndi imene idzatiuza ngati matendawa akuchokadi m'makomboni a ku Karoi.